Msika wa Alimi wa Dane County

Msika wa Alimi wa Dane County, umene eni ake amautchula kuti Dane County Farmers' Market, ndi msika wapabwalo womwe umachitika mumzinda wa Madison, likulu la chigawo cha Wisconsin m'dziko la United States. Unayamba m'chaka cha 1972, ndipo umadziwika kuti ndiwo waukulu kuposa misika ina yonse ya m'dzikolo imene wogulitsa amaloledwa kugulitsa zokhazo zimene walima, waweta kapena wapanga yekha. Msika waukulu umakhalapo Loweruka lililonse m'mawa, kuzungulira nyumba ya malamulo ya chigawocho, kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Msika wina wocheperapo umakhalapo Lachitatu.

Msikawu umafika pachimake m'nyengo yotentha, yomwe kumeneko imagwa m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Pa nthawiyi pamakhala mabenchi pafupifupi 150 ndipo ogula amabwera miyandamiyanda. Popeza palibe amene amaloledwa kukaoda katundu kwina n'kudzamugulitsa pamsikapo, zinthu zimene zimapezeka pamabenchi zimasintha sabata ndi sabata motsatira zimene zacha m'minda ya ku Wisconsin. Munthu wozolowera msikawu akhoza kudziwa mwezi pongoyang'ana zimene zayalidwa.

## Malo ndi nyengo

Pakati pa mzinda wa Madison pali kamtunda kopapatiza kamene kali pakati pa nyanja ziwiri, Mendota ndi Monona. Pamwamba pa kamtundaka ndi pamene pali nyumba ya malamulo yotchedwa Wisconsin State Capitol, yomwe inamalizidwa kumangidwa mu 1917 ndipo ndi yotalika pafupifupi mamita 87. Nyumbayi yazunguliridwa ndi kapinga, mitengo ndi misewu inayi: Mifflin, Pinckney, Main ndi Carroll. Bwalo lonseli limatchedwa Capitol Square, ndipo msika wa Loweruka umayalidwa m'mbali mwake monse. Kuchokera pabwaloli, msewu wa State umatsetsereka mpaka ku yunivesite ya Wisconsin–Madison. Kalembera wa mu 2020 anapeza kuti mumzindawu munali anthu pafupifupi 270,000, pamene m'boma lonse la Dane County munali anthu oposa 560,000.

Wisconsin ili kumpoto kwa dziko lapansi, choncho nyengo zake zimasemphana ndi za kummwera kwa Africa. Pamene ku Malawi ndi ku Zambia kukuzizira mu Juni ndi Julayi, ku Madison kumakhala kukutentha, ndipo masana a mu Julayi amafika madigiri pafupifupi 28. Dzuwa limatuluka molawirira n'kulowa mochedwa, moti chakumapeto kwa Juni kumawala kwa maola oposa 15 pa tsiku. Mvula imagwanso yambiri m'miyezi yomweyi.

Nyengo yozizira ndi yaitali komanso yoopsa. Kuyambira Disembala mpaka Marichi nthaka imauma gwaa, nyanja zimaundana ndipo minda imakwiririka ndi chipale chofewa. Chisanu chopha mbewu chimatha kugwa mpaka mu Meyi, n'kuyambiranso chakumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Izi zikutanthauza kuti mbewu zosapirira kuzizira, monga matimati, tsabola ndi mavwende, zili ndi miyezi pafupifupi 5 yokha yoti zibzalidwe, zikule ndi kukololedwa. Kwa mlimi wa ndiwo zamasamba, gawo lalikulu la ndalama za chaka chonse limachokera m'masabata ochepa amenewa.

## Mbiri

Kale azungu asanafike, dera la Madison linali la anthu a mtundu wa Ho-Chunk, amene ankalima chimanga, nyemba ndi maungu m'mbali mwa nyanjazi. M'zaka za m'ma 1800 atsamunda ochokera ku Ulaya anatsegula minda ya tirigu, kenako anayamba kuweta ng'ombe za mkaka. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1900, masitolo akuluakulu anali atalanda malonda a zakudya m'mizinda ya ku America, ndipo misika yambiri imene alimi ankakumana ndi ogula maso ndi maso inali itatha.

Maganizo oyambitsa msika pa Capitol Square anachokera kwa meya wa Madison wa nthawi imeneyo, Bill Dyke, amene ankafuna kuti anthu a m'tauni ndi a kumidzi ya Dane County azikumana. Ofesi ya alangizi a zaulimi ya m'bomalo ndi bungwe la amalonda a mumzinda anathandiza pa ntchitoyi. Msika woyamba unachitika kumapeto kwa Seputembala 1972, ndipo panafika alimi 5 okha. Ogula anachuluka kuposa katundu, choncho alimi ena atamva anayamba kubwera, ndipo patangotha zaka zochepa mabenchi anali atazungulira bwalo lonse. Woyang'anira msika woyamba anali Jonathan Barry, yemwe pambuyo pake anadzakhala mkulu wa boma la Dane County.

Kukula kwa msikawu kunagwirizana ndi kusintha kumene kunkachitika m'dziko lonse. Mu 1976 boma la United States linakhazikitsa lamulo lolimbikitsa alimi kugulitsa zokolola zawo mwachindunji kwa ogula. Unduna wa zaulimi wa m'dzikolo unawerenga misika ya alimi 1,755 mu 1994, ndipo pofika 2013 chiwerengerochi chinali chitapitirira 8,000.

Mu 2020 mliri wa COVID-19 unachititsa kuti msika uchoke pa Capitol Square. Unasamukira ku bwalo la zionetsero la Alliant Energy Center, kumene poyamba anthu ankaitanitsiratu katundu pa intaneti n'kudzamutenga ali m'galimoto. Unabwerera pamalo ake akale mu Juni 2021, ndipo mu 2022 unakwanitsa zaka 50.

## Lamulo loti wogulitsa akhale mwini zokolola

Chimene chimasiyanitsa msikawu ndi misika yambiri ndi lamulo lake lalikulu: chilichonse chogulitsidwa chiyenera kukhala cholimidwa, chowetedwa kapena chopangidwa ku Wisconsin ndi membala amene akuchigulitsayo. Kupikula katundu kwa mlimi wina kapena kwa amalonda akuluakulu n'kudzamugulitsa pamsika n'koletsedwa. Mwini wa munda kapena wa bizinesi amayeneranso kupezeka pabenchi pake. N'chifukwa chake pamsikawu sipapezeka nthochi, malalanje, mango kapena chinanazi, ngakhale kuti zipatsozi zili mbwee m'masitolo a mumzinda womwewo. Sizimera ku Wisconsin, choncho zilibe malo pamsika.

Msika umayendetsedwa ndi bungwe la mamembala ake, omwe ndi oposa 200. Mamembalawo amasankha komiti pakati pawo, ndipo komitiyo imalemba ntchito woyang'anira msika. Bungweli lili ndi mphamvu yokayendera munda kapena malo opangira zakudya a membala kuti litsimikize kuti zimene akugulitsa zikuchokeradi kumeneko. Malo oimika benchi amagawidwa potengera zaka zimene munthu wakhala membala. Amene akhalitsa amakhala ndi malo awo okhazikika nyengo yonse, pamene atsopano amapatsidwa malo otsala m'mawa wa tsiku la msika. Ofuna kulowa m'bungweli amalembetsa n'kudikira kuti mpata upezeke, ndipo nthawi zina amadikira kwa zaka.

Lamuloli limathandiza mbali zonse ziwiri. Mlimi amalandira mtengo wonse wa katundu wake popanda wina wapakati wodyapo. Wogula amatha kufunsa mwini munda za mtundu wa mbewu, tsiku limene yakololedwa, ngati anathira mankhwala kapena ayi, ndi kaphikidwe kake. Koma lamulo lomweli lili ndi mtengo wake: mbewu ikakanika m'munda, mlimi alibe kwina kokatenga katundu wodzaza benchi lake.

## Zokolola za nyengo yotentha

### Kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni

Msika ukamatsegulidwa mu Epulo, pamabenchi pamakhala kwambiri mbande, tchizi, nyama, buledi ndi masamba olimidwa m'nyumba za pulasitiki. Mu Meyi mumabwera katsitsumzukwa, mapesi owawasa a chomera cha rhubarb amene amaphikidwa ndi shuga, ndi bowa wa m'nkhalango wotchedwa morel, yemwe amapezeka kwa masabata ochepa chabe ndipo ndi wokwera mtengo. Anthu okhala ndi timinda kuseri kwa nyumba amagula mbande za matimati ndi tsabola pa nthawiyi, chisanu chikangotha.

Chizindikiro chenicheni choti nyengo yotentha yafika ndi sitiroberi. Zipatsozi zimacha kuyambira pakati pa Juni mpaka kumayambiriro kwa Julayi, ndipo nyengo yake imatenga masabata atatu kapena anayi basi. Sitiroberi sapitiriza kupsa akathyoledwa, choncho amene wapsera pamtengo n'kugulitsidwa mawa lake amatsekemera kuposa wochokera kutali. Mu Juni mumapezekanso nsawawa, letesi, sipinachi, anyezi wamasamba, karoti wanthete ndi timitengo tanthete ta maluwa a adyo, timene alimi amadula kuti mutu wa adyo ukule bwino ndipo timagulitsidwa ngati ndiwo.

### Julayi

Mu Julayi mabenchi amadzaza. Kumabwera zitheba, nkhaka, kabichi, burokoli, kolifulawa, maungu anthete amtundu wa zukini ndi mbatatesi zoyamba zakhungu lopyapyala. Adyo amene anabzalidwa mu Okutobala wa chaka chapita, n'kugona m'nthaka nyengo yonse yozizira, amakumbidwa mwezi uno. Zipatso za mwezi uno ndi mabulosi amitundumitundu, ofiira, akuda ndi abuluu, komanso matcheri owawasa ochokera ku Door County, dera lolowa m'nyanja ya Michigan kumpoto chakummawa kwa chigawochi. Matcheriwa amagwiritsidwa ntchito kwambiri pophika makeke ndi jamu.

Chakumapeto kwa mwezi kumayamba chimanga chotsekemera, chomwe ndi mtundu wapadera wolimidwa kuti uzidyedwa wauwisi ngati mondokwa. Alimi a kumeneko ali ndi chonena chakale chakuti chimanga chabwino chiyenera kukhala chitafika m'mawondo pofika pa 4 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo. Chimanga chotsekemera chikangothyoledwa, shuga wa m'maso mwake amayamba kusanduka sitachi, makamaka kukatentha. Pa chifukwa ichi alimi ambiri amachithyola madzulo a Lachisanu kapena m'bandakucha wa Loweruka, n'kuchibweretsa chili m'makoko ake. Nthawi zambiri chimagulitsidwa pa dazeni, kutanthauza zisononkho 12, ndipo anthu amachiphika kapena kuchiwotcha n'kupaka batala ndi mchere.

### Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Seputembala

Ogasiti ndi mwezi wa zokolola zochuluka kuposa miyezi yonse. Matimati a m'munda amapsa, ndipo pamabenchi pamaoneka mitundu yakale yofiira, yachikasu, yobiriwira ndi yoderako, imene masitolo saikonda chifukwa imaphwanyika msanga paulendo. Pamodzi ndi matimati pamabwera tsabola wotsekemera ndi wowawa, mabiringano, therere lobala, mavwende, anyezi wouma ndi nyemba zaziwisi. Mitengo ya zinthu zina imatsika chifukwa katundu wachuluka, ndipo alimi amagulitsa matimati ndi nkhaka m'mabokosi kwa anthu ofuna kuzisunga m'mabotolo kapena mufiriji kuti adzadye m'nyengo yozizira.

Maluwa odula nawonso amachuluka mwezi uno, makamaka mpendadzuwa, dahlia, zinnia ndi gladiolus. Chakumapeto kwa Ogasiti maapozi oyamba amayamba kuoneka, ndipo mu Seputembala kumabwera maungu okhwima, mphesa ndi madzi a maapozi. Zimenezi zimasonyeza kuti nyengo yotentha ikupita kumapeto.

## Tchizi, buledi ndi zakudya zina

Wisconsin imatchuka ndi ng'ombe za mkaka ndipo imapanga tchizi wambiri kuposa chigawo china chilichonse cha United States, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a tchizi yense wa m'dzikolo. Munthu wofuna kupanga tchizi wogulitsa kumeneko amayenera kukhala ndi laisensi. Pamsika pamapezeka tchizi wa mkaka wa ng'ombe, wa mbuzi ndi wa nkhosa, ndipo ogulitsa ambiri amapereka tizidutswa tolawa. Chotchuka kwambiri ndi timibulu ta tchizi watsopano tomwe sitinapanikizidwe kukhala chigulu. Tikakhala tatsopano timalira m'mano potafuna, ndipo kulirako kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, choncho ogula amakutenga ngati umboni woti tchiziyo ndi wa posachedwa.

Ophika buledi ndi makeke nawonso ali ndi mabenchi awo. Buledi wa tchizi ndi tsabola wa Stella's Bakery, amene amagulitsidwa akadali wofunda, ndi chimodzi mwa zakudya zimene alendo amazidziwa kwambiri, ndipo anthu amamunyema ndi manja akuyenda. Oweta amabweretsa mazira ndi nyama ya ng'ombe, nkhumba, nkhosa, nkhuku ndi njati za ku America, yosungidwa m'mabokosi ozizira. Palinso uchi, jamu, ndiwo zoviikidwa mu viniga ndi manyuchi a mtengo wa maple. Manyuchiwa amapangidwa mu Marichi ndi Epulo pophika madzi otuluka mumtengowo, ndipo pamafunika malita pafupifupi 40 a madziwo kuti papezeke lita imodzi ya manyuchi. Zakudya zokonzedwa kale zimatsatira malamulo a zaukhondo a chigawocho, ndipo zogulitsidwa pa kulemera zimayezedwa pa sikelo yovomerezeka.

## Alimi achi Hmong

Gulu lalikulu la ogulitsa ndiwo zamasamba ndi maluwa pamsikawu ndi la anthu a mtundu wa Hmong. Anthuwa anachokera kumapiri a dziko la Laos, kumene ambiri anamenya nkhondo ku mbali ya United States. Boma la chikomyunizimu litatenga ulamuliro mu 1975, anathawira m'misasa ya othawa kwawo ku Thailand, ndipo kuchokera kumeneko ambiri analandiridwa ku America. Lero Wisconsin ndi yachitatu pa kuchuluka kwa anthu achi Hmong, pambuyo pa California ndi Minnesota.

Ambiri mwa iwo anali alimi kwawo, ndipo atafika anayamba kubwereka timinda pafupi ndi mizinda n'kumalima ndi manja, banja lonse pamodzi. Iwo anabweretsa pamsika mbewu zimene ogula a ku Wisconsin sankazidziwa, monga nkhaka zowawa, zitheba zazitali, kabichi wa ku China, udzu wonunkhira ngati mandimu ndi tsabola wowawa kwambiri. Pamabenchi awo m'nyengo yotentha pamapezekanso mpiru, bonongwe, nkhwani ndi kholowa, ndiwo zomwe masitolo akuluakulu a kumeneko sagulitsa kawirikawiri. Chifukwa cha ichi, mabenchi a alimi achi Hmong ndi ofunika kwa anthu ochokera ku Asia ndi ku Africa amene akufuna ndiwo za kwawo. Vuto lalikulu la alimiwa lakhala malo: wolima pamunda wobwereka sangabzale mitengo ya zipatso kapena kumanga zokhalitsa, chifukwa mwini malo akhoza kuwagulitsa nthawi ina iliyonse.

## Mmene tsiku la msika limayendera

Alimi amafika kusanache, ena atayenda maola awiri kapena kuposa, n'kuimika magalimoto awo m'mbali mwa bwalo. Msika wa Loweruka umatsegulidwa nthawi ya 6:15 m'mawa ndipo umatsekedwa 1:45 masana, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Oyamba kufika amakhala ophika a m'malesitilanti ndi anthu ofuna zinthu zosowa, zomwe zimatha msanga. Kuyambira cha m'ma 9 koloko anthu amachuluka kwambiri moti amayenda pang'onopang'ono, phewa ndi phewa.

Pali chizolowezi chakuti anthu onse amayenda molowera mbali imodzi, mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera, nyumba ya malamulo ili kumanzere kwawo. Palibe wapolisi wokakamiza zimenezi, koma woyenda mobwerera amavutika kudutsa. Agalu saloledwa pamsika chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ndi zakudya. Mitengo imalembedwa pa timapepala kapena pa bolodi, ndipo kunenerera si chizolowezi, ngakhale kuti ogulitsa ena amatsitsa mtengo msika ukatsala pang'ono kutsekedwa.

Bwaloli limagawika patatu. Mabenchi a alimi amandandalikana m'mphepete mwa malo a nyumba ya malamulo. Tsidya lina la msewu, pamalo a khonsolo ya mzinda, pamakhala ogulitsa zosemasema, zoluka, zojambula ndi zakudya zophikaphika za m'tingolo. Amenewa si mamembala a msika ndipo amalandira chilolezo ku khonsolo. Mkati, chakufupi ndi kapinga, mumakhala matebulo a mabungwe othandiza anthu, magulu a ndale ndi ena ofalitsa mauthenga. Oimba ndi magitala, mavayolini ndi ng'oma amaima m'makona, ndipo mabanja amakhala pa kapinga n'kumadya zimene agula.

Msika wa Lachitatu umachitikira mumsewu wa Martin Luther King Jr. Boulevard, pakati pa nyumba ya malamulo ndi nyanja ya Monona. Ndi waung'ono komanso wopanda phokoso, ndipo ogula ake ambiri ndi ogwira ntchito m'maofesi apafupi.

## Zochitika za nyengo yotentha

Ku United States mwezi wa Juni ndi wokondwerera ulimi wa mkaka. Loweruka loyamba la mweziwu, pafupi ndi msika pamachitika mwambo wotchedwa Cows on the Concourse, pamene alimi amabweretsa ng'ombe ndi ana ake pakati pa mzinda. Ana a m'tauni, omwe ena sanaonepo ng'ombe pafupi, amazigwira n'kufunsa alimi mafunso, ndipo pamagulitsidwa buledi wowotcha ndi tchizi.

Kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, gulu loimba la Wisconsin Chamber Orchestra limachita makonsati aulere pa kapinga wa nyumba ya malamulo Lachitatu madzulo. Makonsatiwa, otchedwa Concerts on the Square, anayamba m'zaka za m'ma 1980. Anthu amayala mabulangete masana kuti asunge malo, ndipo ambiri amabwera ndi chakudya chawo.

Mu Julayi muli Loweruka limodzi limene msika umachoka pabwalo lake. Pa nthawiyi bwalo limaperekedwa ku chionetsero cha zaluso cha Art Fair on the Square, chimene chinayamba mu 1958 ndipo chimakonzedwa ndi Madison Museum of Contemporary Art. M'zaka zaposachedwapa alimi akhala akusamukira ku bwalo la masewera la Breese Stevens Field pa tsikulo. Mu Ogasiti muli sabata ya misika ya alimi ya dziko lonse, komanso chikondwerero cha chimanga chotsekemera cha ku Sun Prairie, tauni yoyandikana ndi Madison. Nyengoyi imatsekedwa ndi Taste of Madison, mwambo wa malesitilanti umene umachitika pabwalo lomweli kumapeto kwa sabata ya tchuthi cha apantchito, chomwe ku America chimagwa Lolemba loyamba la Seputembala.

Alendo obwera kumsika amalowanso m'nyumba ya malamulo, yomwe imalandira anthu mwaulere, ndipo m'miyezi yotentha amaloledwa kukwera pakhonde la pamwamba n'kuona mzinda ndi nyanja zake. Pafupi pomwepo pali nyumba ya zionetsero ya ana yotchedwa Madison Children's Museum.

Msikawu wakhudzanso kaphikidwe ka mumzinda. Lesitilanti ya L'Etoile, imene Odessa Piper anatsegula pa Capitol Square mu 1976, inatchuka chifukwa chogula zophika zake kwa alimi a pamsikawu ndi kusintha zakudya zake motsatira nyengo. Malesitilanti ena ambiri a ku Madison anatengera njira yomweyi.

## Thandizo kwa ogula opeza movutikira

Misika ya alimi ku America imadzudzulidwa nthawi zina kuti ndi ya anthu opeza bwino, popeza zinthu zina zimakwera mtengo kuposa za m'masitolo. Pofuna kuchepetsa vutoli, msikawu umalandira thandizo la boma logulira chakudya, lomwe m'dziko lonse limatchedwa SNAP ndipo ku Wisconsin limatchedwa FoodShare. Wolandira thandizoli amapita pa tebulo la zofunsa ndi khadi lake n'kupatsidwa makuponi ogulira pamabenchi. M'miyezi ya zokolola pamakhalanso ndondomeko ya Double Dollars, imene imawonjezera dola ina pa dola iliyonse imene munthuyo watenga pakhadi, mpaka pamlingo woikika.

Pali ndondomeko zinanso ziwiri za boma la United States zopereka makuponi ogulira zipatso ndi ndiwo zamasamba kwa alimi. Ina, imene inakhazikitsidwa mu 1992, ndi ya amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono. Inayo, ya mu 2001, ndi ya okalamba opeza movutikira. Ndalama zimenezi zimathandiza ogula kudya zakudya zopatsa thanzi ndipo zimathera m'manja mwa alimi a m'deralo.

## Mavuto

Chiopsezo chachikulu kwa ogulitsa ndi nyengo. Mu 2012 kunatentha modabwitsa mu Marichi, mitengo ya zipatso inachita maluwa msanga, kenako chisanu cha mu Epulo chinawononga maluwawo. Maapozi ndi matcheri anachepa kwambiri chaka chimenecho ku Wisconsin ndi ku Michigan, ndipo m'nyengo yotentha kunabweranso chilala. Mu Ogasiti 2018 mvula yamphamvu inagwa usiku umodzi kumadzulo kwa Madison n'kusefukira m'minda ndi m'misewu, pa nthawi imene zokolola zinali pachimake. Ngakhale mvula wamba ya Loweruka m'mawa imapweteka mlimi, chifukwa ogula amachepa pamene masamba athyoledwa kale ndipo sangadikire sabata ina.

Vuto lina ndi malo olima. Dane County ndi limodzi mwa madera amene anthu akuchuluka mofulumira ku Wisconsin, ndipo minda yoyandikana ndi mzinda ikusanduka malo a nyumba. Mtengo wa malo wakwera moti achinyamata ofuna kuyamba ulimi amavutika kugula munda, pamene alimi ambiri akale akukalamba. Kuchuluka kwa alendo nakonso kuli ndi mbali ziwiri. Kumatchukitsa msika, koma alendo ambiri amangogula buledi, tchizi kapena maluwa, ndipo anthu ena ofuna ndiwo za sabata yonse amasankha misika ing'onoing'ono ya m'madera awo pothawa chikhamu.

Pofuna kuti asadalire tsiku limodzi lokha, alimi ambiri amagulitsanso m'malesitilanti ndi m'masitolo a makopaletivu. Ena ali ndi makasitomala amene amalipiriratu kumayambiriro kwa chaka n'kumalandira bokosi la zokolola sabata iliyonse. Enanso amamanga nyumba za pulasitiki kuti ayambe kukolola msanga ndi kupitiriza chisanu chitayamba.

## Nyengo yotentha ikatha

Mu Okutobala pamabenchi pamatsala maungu, maapozi, mbatatesi, karoti, kabichi, anyezi ndi zipatso zofiira zowawasa za cranberry, zomwe Wisconsin imalima zochuluka kuposa chigawo china chilichonse cha dzikolo. Msika wapabwalo umatsekedwa kumayambiriro kwa Novembala. Kuchokera pamenepo umalowa m'nyumba: mu Novembala ndi Disembala umachitikira ku Monona Terrace, holo ya m'mbali mwa nyanja imene pulani yake inajambulidwa ndi Frank Lloyd Wright ndipo inatsegulidwa mu 1997, ndipo kuyambira Januwale mpaka Epulo umachitikira ku Garver Feed Mill, fakitale yakale imene inakonzedwanso. Ogulitsa amakhala ochepa, ndipo katundu wawo amakhala tchizi, nyama, mazira, buledi, uchi, zokolola zosungidwa ndi masamba a m'nyumba za pulasitiki. M'miyezi yomweyi alimi amaitanitsa mbewu ndi kufesa mbande m'nyumba zofunditsidwa, kukonzekera kubwerera pa Capitol Square pakati pa Epulo.